Kuphunzitsa Tiyamike Kubweza Mawu

Lolemba

Mwana wanga Tiyamike wafika kuchokera kuyunivesite, wowonda, chikwama chodzaza mapepala. Akuti anamusankha kulowa kalasi yapadera ya ophunzira okhoza kwambiri, anthu ochepa okhala mozungulira tebulo ndi pulofesa. Ambuye alemekezeke! Koma sabata yamawa aimirira kuwerenga zomwe wafufuza za amayi ogulitsa usipa padoko pathu pano, kenako onse amutsutsa, ndi pulofesa yemwe. Akakhala chete walephera, digiri yapamwambayo saipeza.

Ndafunsa kawiri. Amutsutsa atalakwa chiyani? Akuti palibe, ndi momwe amachitira. Malikisi amapatsa wobweza mawu!

Ine mwanayu ndinamulera kuti wamkulu akamalankhula, maso pansi. Akuti chaka chonse m'kalasimo sanatsegulepo pakamwa. Tchimo ndi langa. Ndamulonjeza kuti tiyeserera kunyumba kuno mpaka azolowere.

Lachiwiri

Wawerenga pakhonde, ine ndili tcheru. Chizungu chake chosalala, china chandidutsa. Ndakhosomola n'kunena kuti, "Mfundo yachiwiriyo ndi yabodza." Yachiwiriyo sindikuidziwa n'komwe kuti ndi iti. Iye wagwada. "Zoona, bambo." Watenga cholembera, wakhwatcha tsamba lonse!

Ndanama, ndipo mwana wataya tsamba. Mundikhululukire, Atate.

Lachitatu

Mwina vuto n'lakuti ndine bambo ake. Ndaitana Che Saidi, aneba athu, eni mabwato. Ndawalangiza bwinobwino: chilichonse anganene, inu muzikana. Amvetsera, dzanja pandevu. Atamaliza, iwo, "Mashallah! Kamwana kaja kameneka?" Ndawaponda phazi. Akuti sangatsutse mwana wa mnzawo atamwa tiyi wa mnzawoyo. Kenako monong'ona, "Mapepalawa akupita kuboma?" Ndawauza kuti ino ndi nyengo ya matipate, munthu amalankhula zakukhosi. Akuti, "Eya, muziyamba inuyo, ife tione kaye."

Lachinayi

Lero ndabweretsa katswiri: a Nyirenda, ahedi a pasukulu yathu, munthu wotsutsana ndi wailesi yomwe. Che Saidi abweranso, osaitanidwa.

Tiyamike wangowerenga mutu wokha, a Nyirenda afunsa kuti ndi chipani chiti chakweza mtengo wa usipa. Che Saidi, aja oopa boma dzulo, ayankha mpaka kuimirira! Zotsatira zake:
mpando wothyoka mwendo;
a Nyirenda alumbira kuti nsomba azikagula kutauni, osati kwa Che Saidi;
Che Saidi akuti akagule, akadye zovunda;
Tiyamike wangowathirira tiyi, atagwada.

Sanamufunse funso ndi limodzi lomwe. Kodi ndikuchita chiyani ine?

Lachisanu

Ndapita kwa abusa kukaulula. Ndafunsa ngati kuphunzitsa mwana kuyankha akulu si tchimo. Andiwerengera lamulo lolemekeza atate ndi amayi. Ndapuma, ndati basi zatha. Kenako afunsa kuti walamula kutsutsako ndani. Ndati pulofesa. Akuti ndiye kukhala chete n'kusamvera wamkulu. Ndiye kuti amvere pokana? Akuti tipemphere. Tapemphera. Ndabwerako mutu ukugunda.

Tiyamike sakudya. Amayi ake akuti, "Mwasokoneza mwana, mwasokoneza ndi mudzi womwe."

Loweruka

Ndagonja. Pachakudya chamasana ndamuuza, osati moyeserera koma zenizeni, kuti kalasi imeneyo aisiye. Digiri wamba ndi yokwana, kusiyana n'kutaya khalidwe.

Tiyamike waika mbale pansi, waimirira. Kuimirira, ine ndili chikhalire!

"Ayi, bambo."

Akuti choyamba, amayi apadoko anamupatsa nthawi yawo nsomba zili padzuwa, sangakawataye m'dzala. Chachiwiri, tsamba lija linali loona, walilembanso. Ndati, "Khala pansi iwe!" Akuti, "Sindinamalize, bambo." Chachitatu, ine ndemwe ndinamuphunzitsa kuti ntchito ukaiyamba uzimaliza, ndiye amvere bambo uti, wakale kapena walero?

Amayi ake aimba nthungululu. Dzanja langa silikudziwa ngati limumenye kapena liombe m'manja. Langokhala pabondo.

Lamulungu

Kutchalitchi ndapempha kuti mawa akamuyankhe pulofesayo monga wandiyankhira ine. Kenako ndapempha chikhululukiro pa pempherolo. Kumwambako asankha okha.

Ndamuperekeza kudepoti. Wagwada potsanzika, anthu akuona, maso ake ali gwa pa ine. Ndamuuza kuti akwere minibasi yakutsogolo. Wakwera yakumbuyo, akuti matayala ake ndi abwinoko. Ndayang'ana. N'zoona.

Kunyumba ndapeza amayi ake akundidikira, chitenje atamanga cholimba. "Bambo a Tiyamike, mudye kaye. Inenso ndili ndi mfundo zanga." Ndafunsa ngati ndi zitatu. Akuti anayamba kuzisunga chaka chomwe tinakwatirana.

Ndikudya pang'onopang'ono.