Mbala ya m'Filimu

M'mudzi wina umene dzina lake tilisunga, kuopa kuti midzi yambiri ingabwere kudzalikanganirana, munali zinthu zitatu zotchuka: mtsinje, komiti ndi kampani yojambula mafilimu.

Mtsinjewo unalibe mlatho. Komitiyo inali ya mlathowo. Mtsogoleri wake anali a Gwedeza, amene udindo wawo wonse unali Wapampando Wamuyaya Wongogwirizira wa Komiti ya Chitukuko, Milatho ndi Zina Zotero. Simenti ya mlatho inabwerapo pa lole anthu onse akuona, kenaka inasowa. A Gwedeza anafotokozera mudzi kuti inadyedwa ndi chiswe. Chiswecho chiyenera kuti chinali chophunzira za umisiri, chifukwa chinakailavula pakhonde pa nyumba yawo, yosalazidwa bwino ndiponso yopaka polishi wofiira.

Kampaniyo inali Tsegula Maso Filimu, ya mayi wina wotchedwa Elufe Nankhoma. Iye anali mwini kampani, wolemba nkhani, wojambula, wolumikiza zithunzi komanso wosesa mu ofesi. Wantchito mnzake anali mlongo wake Lameki, amene ankanyamula maikolofoni yomangirira kunsungwi. Ofesi yawo inali kachipinda kuseri kwa chigayo. Chigayo chikamalira sankamva mawu a filimu, ndipo magetsi akazima chigayo n'kukhala chete, kompyuta nayo inkazima. Ankadyera kujambula maukwati ndi zinkhoswe, ntchito imene vuto lake lalikulu linali apongozi ofuna kuoneka oonda.

Dzinja lina mtsinje unadzaza, ndipo mng'ono wake wa Elufe anachirira pansi pa mtengo wa mkuyu m'mbali mwa madzi, chipatala akuchiona patsidya. Mwana anapulumuka, mayi ake anapulumukira mkamwa mwa mbuzi. Elufe anabwerera kuofesi maso ali psu.

"Lameki, maukwati akwana. Tijambula filimu ya tcheyamani wakuba simenti. Anthu akadzaiona, adzachita manyazi ndi zimene akhala akulekerera."

"Achemwali, wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima. Koma mphenzi yakeyo imakhala pafupi pompano," anatero Lameki.

Mphenziyo siinachedwe. A Gwedeza anamuitanitsa Elufe ku bwalo la komiti.

"Mayi Nankhoma, tamva kuti mukufuna kujambula kanema popanda komiti. Chiyambireni dziko, munamvapo chitukuko chikuyenda chopanda komiti?"

"Ndi sewero chabe, a Tcheya. Si nkhani ya munthu weniweni."

"N'zoonekeratu. Munthu wotereyo m'mudzi muno angachokere kuti? Ndiye tikuthandizani."

Tsiku lomwelo panabadwa Komiti Yoyang'anira Kanema. A Gwedeza anakhala Mkulu Woyang'anira Oyang'anira Kajambulidwe. Msungichuma wawo, mayi Nachisale, anakhala Mlangizi Wamkulu pa Nkhani za Ulemu ndi Kavalidwe. Ena onse analandira maudindo aataliatali, moti mayina a kumapeto kwa filimu anaoneka kuti adzaposa filimu yeniyeniyo. Elufe analola, chifukwa popanda iwo sakanapeza bwalo, nyumba yosungiramo katundu, kapena khamu loonekera kumbuyo.

M'nkhaniyo munali anthu awiri ofunika: mbala, ndi munthu wachilungamo amene amaigwira. A Gwedeza anadzipereka kusewera wachilungamoyo, ponena kuti sadzavutika kuyeserera.

"Nanga mbala asewera ndani?" anafunsa Elufe.

Bwalo lonse linagwidwa chifuwa. Mayi Nachisale anati nkhope yawo ndi ya Mvano, singalole. Mlembi anati miyendo ikumuvuta. A Gwedeza anapukusa mutu mwachisoni.

"Mwaona vuto la mudzi woopa Mulungu? Mulibe ndi mmodzi yemwe wodziwa mmene kuba kumakhalira."

Mapeto ake gawolo linagwera a Bisalomu Nthala, telala wa pakhonde la golosale. A Nthala anali munthu wodabwitsa pa ntchito yawo: akasoka malaya ankabweza tizidutswa totsala kwa mwini nsalu, titakulungidwa bwino. Sankadziwanso kukana. Elufe atawapempha, anangoyang'ana pansi n'kuti, "Ngati zili zothandiza, chabwino." Akazi awo anawachenjeza kuti dzina limamatirira kuposa phula, koma anali atavomera kale.

Tsiku loyamba kujambula, Elufe anakuwa kuti "Ekishoni!" ndipo a Nthala anafika pakhomo la nyumba ya simenti, n'kugogoda.

"Odi! Ndabwera kudzaba."

"Dulani!" anatero Elufe. "A Nthala, mbala siodira."

Anayesanso. Ulendo uno analowa osaodira, anasenza thumba pamutu, koma atafika pabwalo anabwerera kukatseka chitseko kuti mbuzi zisalowe. Ulendo wina anapepesa kwa mlonda. Dzuwa linkapendeka, batire ya kamera inkatha, ndipo Lameki ankangosinthasintha manja pa nsungwi ija. A Gwedeza, amene anakhala pamthunzi kudikira gawo lawo la chilungamo, anayamba kutembenukatembenuka pampando ngati munthu woona mwana akuwononga ndiwo. Kenaka anadzambatuka.

"Dulani! Kuba kwake kotani kumeneku? Mukutichititsa manyazi! Tcheyamani sasenza thumba pamutu ngati waganyu. Umayamba waitanitsa msonkhano, n'kutsegula ndi pemphero. Mlonda umam'patsa thumba lake msanga, kuti akamayankhula azikumbukira khonde lake. Alamu ako umawapatsa awiri. Pamaliro umafika woyamba, bokosi uli utagula kale. Anyamata a pamsika umawasiyira ya chibuku. Tsono ukamadzanena kuti chinadya ndi chiswe, ndani angakutsutse, pamene chiswecho chili pamudzi ponse?"

Anthu onse anatembenukira kwa a Gwedeza. Mbuzi yokha ndiyo inalira.

"Ndinangomva kwa anthu a kutali," anamaliza a Gwedeza, akukhala pansi.

Elufe anaona kuti wapeza mlangizi amene sakanam'peza ngakhale ku sukulu ya zamafilimu. Anataya zimene analemba n'kumatsata malangizo a a Gwedeza. Ndipo a Nthala, pokhala munthu womvera, anaphunzira zonse mokhulupirika: kaimidwe, kamwetulidwe, kagwiridwe ka dzanja la wamasiye, ngakhale kalilidwe ka pamaliro kosatulutsa misozi. Pakamera anasanduka munthu wina, wamimba yotsogola ngakhale analibe mimba.

Gawo la a Gwedeza ndilo linavuta. Panali malo pamene wachilungamo amayenera kukana envelopu ya chiphuphu. Pakamwa pawo pankakana bwinobwino, koma dzanja linkatsogola lokha. Anabwereza mpaka Lameki anawalangiza kuti apinde manja kumbuyo, dzanja lina ligwire linzake.

Filimu inatha, italumikizidwa pakati pa kulira kwa chigayo ndi kuzima kwa magetsi. Anaionetsa masana m'holo ya sukulu, mazenera atatchingidwa ndi matumba a simenti opanda kanthu amene a Gwedeza anapereka mwaulere, popeza anali nawo ambiri. Mudzi wonse unadzaza. Elufe anaima kumbuyo kudikira kuti aone anthu akuweramitsa mitu.

Mbala itapereka thumba kwa mlonda, anthu anawomba m'manja. Itagula bokosi pamaliro, amayi analuluta. Wachilungamo atabweza mphwake amene anadzapempha malata a komiti, holo yonse inang'ung'udza.

"Munthu wouma mtima uyu! Mwana wa mlongo wake weniweni!"

"Wotereyu ngakhale ukafa sangakugulire nsalu," anatero wina.

Mbala itamangidwa maunyolo kumapeto, amayi ena analira mokweza, ndipo bambo wina anaponya nsapato pa nsalu yoonetsera, kulinga mutu wa a Gwedeza. Elufe anatuluka panja, nakhala pamwala.

"Achemwali, koma aikonda," anatero Lameki pomutonthoza.

"Aikonda chamutu pansi, Lameki."

Mwatsoka, nyengo yosankha komiti yatsopano inali pafupi. Pakhonde la golosale panayamba kudzaza anthu opanda nsalu zosoketsa. Aliyense anatulukira kuti agogo ake anali pachibale ndi agogo a a Nthala. Ena ankabwera ndi nkhuku, ena ndi maungu, ena ndi mbiri za mibadwo zofotokozedwa pakamwa mpaka kukafika ku nthawi ya nkhondo za makolo. Onse anali ndi pempho limodzi: aime pa utcheyamani.

"Abale anga, lija linali sewero," anadandaula a Nthala. "Ine sindinabepo ngakhale singano."

Anthu anagwedezana ndi zigongono mokondwa. "Mwamva kakanidwe kake? Osaphethira n'komwe! Ameneyu ndi katswiri."

A Gwedeza anafika kuseri kwa chigayo ali thukuta kamukamu, osadikira n'komwe kupatsidwa mpando.

"Mayi Nankhoma, mwandiwonongera mbiri! Zaka zonsezi ndaimanga ndi manja angawa, lero anthu akundinena kuti ndine wachilungamo. Ana anga akusekedwa kusukulu. Telala uja ndinam'phunzitsa ndine!"

"Ndiye mukufuna ndiwauze anthu kuti mbala yeniyeni ndinu, a Tcheya?"

"Musawauze. Koma adziwe."

Sanadziwe msanga. Tsiku lachisankho anthu anaima pamzere kumbuyo kwa amene akum'funa. Mzere wa a Nthala unazungulira bwalo n'kukathera kuchitsime. Kumbuyo kwa a Gwedeza kunaima akazi awo okha, nawonso akusuzumira mzere winawo.

Walira mvula walira matope. Simenti ina itafika pa lole kuchokera ku bungwe lina lachifundo, abale atsopano aja anafika m'mawa ndi mawilibala, ngolo ndi njinga, atavala nkhope zolandira. A Nthala anawalonjera mmodzimmodzi mwaulemu, n'kuwathokoza kuti abwera kudzathandiza kututa mchenga. Anthu anaseka, poganiza kuti ndi nthabwala zophimba m'maso alendo a bungwe. Alendo atapita, abalewo anadikira magawo awo. Anadikirabe. Simenti inkatuluka m'nyumba muja thumba ndi thumba, koma njira yake inali imodzi: ya kumtsinje.

Zipilala zinaima. Mlatho unagona pamwamba pake, wolimba, woti ngolo n'kudutsa. Elufe anaujambula misozi ili m'maso, mng'ono wake akuwoloka ndi mwana kumbuyo kupita ku sikelo. Koma m'mudzi munali mkwiyo. Khonde la munthu ngakhale mmodzi silinasinthe. Maliro awiri anachitika, ndipo tcheyamani anafika ndi chipepeso cha telala, n'kulira misozi yeniyeni, imene aliyense akudziwa kuti sigula bokosi.

Anaitanitsa msonkhano wadzidzidzi. A kutsidya anafika nsapato zili zouma, kudzera pamlatho pomwepo, ndipo ndiwo anali okwiya kwambiri. Mayi Nachisale anaimirira kunena mlandu.

"A Bisalomu Nthala, mukuimbidwa mlandu wopeza udindo mwachinyengo. Munadzionetsa kwa anthu ngati mbala, anthu n'kukukhulupirirani, pamene mumtima mwanu mukudziwa kuti ndinu wachilungamo. Mukuvomera kapena mukukana?"

"Ndinanena ine kuti linali sewero," anayankha a Nthala motsitsa mawu.

"Wavomera!" linakuwa khamu.

Elufe anaitanidwa ngati mboni, koma anapezeka kuti nayenso ndi wolakwa, pofalitsa kanema wonamizira munthu luso limene alibe. Anamulamula kupepesa. Iye anaimirira, nayang'ana anthu amene anawajambulira maukwati ndi zinkhoswe zawo zonse.

"Ndikupepesa," anatero. "Ndinkayesa simukuona. Sindinadziwe kuti mumaona bwinobwino."

Anthu analandira chipepesocho ndi m'manja. A Nthala anachotsedwa, nabwerera ku makina awo ali opepukidwa ngati wotula mtolo wa nkhuni zaziwisi. A Gwedeza anabwezeredwa pampando popanda wotsutsa, atalumbira pamaso pa onse kuti zimene anachita mufilimu zija sadzazibwerezanso.

Mbiri ya filimuyo inawoloka mitsinje. Midzi yoyandikana nayo inalinso ndi zisankho zake, ndipo posakhalitsa kuseri kwa chigayo kunayamba kuima magalimoto. Kampani imene inkapempha ntchito pa zinkhoswe tsopano inali ndi mzere wa akuluakulu a masuti, atakhala pamatumba a gaga kudikira mwini wake. Lameki anagula ndodo yeniyeni ya maikolofoni. Elufe sanadziwe ngati aseke kapena alire, ndipo masiku ambiri ankachita zonse ziwiri.

Tsiku lina analowa bambo wina wonenepa, mkulu wa mpingo kwawo, amene ankafuna ukhansala. Anavula chipewa, natseka chitseko, nayankhula monong'ona.

"Mayi, ndamva za ntchito yanu yabwino. Ndikufuna mundiike mufilimu. Gawo lija la simenti."

"Pepani bambo, magawo a mbala anatha kale, mpaka chaka chamawa," anatero Elufe. "Latsala limodzi lokha, la munthu wachilungamo."

Bamboyo anadzuka msangamsanga ngati wakhalira minga, navala chipewa chake.

"Mayi, ndinakulakwirani chiyani? Ine ndili ndi ana. Limenelo mum'patse amene ndikupikisana naye."