Chokoleti cha Ndalama Zonse

Nkhani iyi sindinkafuna kuinena, koma azimayi a pakomboni pathu ku Selous akuifotokoza kale mokhotakhota. Bola muimve kwa mwini wake.

Bambo a Esinati atamwalira, ndinavala zakuda chaka chathunthu. Nditavula, Esinati, mwana wanga amene ndi namwino ku Durban, anaimba foni.

"Amayi, mwalira mokwanira. Bwerani tikakwere sitima ya panyanja masiku anayi."

(Ine madzi aakulu amene ndinkawadziwa ndi damu la pafamu.)

Ndinapita. Polowa m'sitimamo anatipatsa aliyense kakhadi kake.

"Muno sagwira ndalama zamanja," anatero Esinati. "Ndinalipiriratu mwezi watha, ndipo khadi yanu ndi yanga zikutapa m'thumba limodzi. Chakudya n'chaulere. Ndalamazo n'za zakumwa, koma makamaka chithunzi cha tsiku lomaliza. Ndakugulirani diresi lachikasu. Ndikufuna chithunzi chanu cha pakhoma, mutavala zowala."

Ine mawu amene ndinamva ndi akuti "mwezi watha". Ndalama zagona mwezi wathunthu pamalo poti munthu sungazione?

Mundimvetse. Malemu anayendetsa thirakitala pafamu kuyambira ali mnyamata. Chaka chija ndalama za dziko lino zinafa, penshoni yawo yonse inagula botolo limodzi la mafuta ophikira. Kuchokera pamenepo, ndalama ikalowa m'khadi yanga ya kubanki ndinkakwera kombi tsiku lomwelo kupita ku Norton kukaisandutsa sopo ndi shuga. Sopo sasintha mtengo ali pansi pa bedi.

Sitima itangonyamuka, Esinati anayamba chizungulire n'kukagona. (Namwino wathunthu.) Ine ndinamanga zambiya yanga, chitenje chija, n'kupita kukafuna sitolo.

Wogulitsa anali mayi wa ku Chegutu, kufupi ndi kwathu, tinamvana bwinobwino. Ndinafunsa sopo wamtanda, kulibe. Shuga, kulibe. Kunali mawotchi, mafuta onunkhira, mowa ndi chokoleti. Mowa ayi, ndine wa Mvano. Mafuta onunkhira angagule ndani pakomboni? Koma chokoleti, ndinaganiza, ndikhoza kumadula tizidutswa n'kumagulitsa pageti pa sukulu.

"Ndipatseni cha ndalama zonse zili m'khadimu."

"Zonse, mhamha?" anafunsa, kunditchula amayi m'chiyankhulo chawo.

"Zonse, zisanafe."

"Awa ndi madola a ku America, mhamha, safa."

"Mawu amenewo ndinawamvapo kale kubanki."

Anandiyang'ana, sanatsutse. Iyenso ndi wa kwathu.

Ndinabisa katunduyo m'chikwama, pamodzi ndi zovala. Esinati atadzuka tsiku lachitatu, ntchito yanga inali yomutchinga. Akati tigule zoziziritsa kukhosi, ine, "Shuga wandikwera." Akati tiyese khofi wa pamwamba paja, ine, "Tiyi waulereyu ndi wabwino." Anafika pondiyamikira kuti ndine mayi wosamala. Ndinavomera.

Tsiku lomaliza ndinavala diresi lija. Tinaima pamzere, anatijambula, ndipo madzulo chithunzi chinali pakhoma pakati pa zinzake. Ndinadziona ndikuseka, mano onse panja, dzanja la Esinati paphewa panga. Sindinkadziwa kuti nkhope imeneyo ndikadali nayo.

Esinati anapereka khadi. Makina anakana. Anayesa yanga, anakananso. Wojambulayo anasindikiza kapepala, Esinati anakawerenga kawiri.

"Amayi, chokoleti ichi wagula ndani?"

"Ndimapulumutsa ndalama zako."

"Kuzipulumutsa kwa ndani?"

Khadi ya Esinati ya kubanki inali youma mpaka kutha kwa mwezi, poti zonse anathira mu ulendowu. Sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anangoimirira n'kumayang'ana chithunzicho mpaka anthu a kumbuyo anayamba kutsokomola. Tinachisiya pakhoma pomwepo.

Ndinamulonjeza kuti ndikagulitsa chokoleti ndimubwezera ndi phindu pamwamba. Anangoti, "Chabwino, amayi."

Pobwerera, basi inaima pamalire pa Beitbridge kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, zikwama zili padzuwa. Wofufuza katundu anatsegula changa, n'kulowetsa dzanja, n'kulitulutsa lili bii mpaka m'chigongono.

"Gogo, ichi n'chiyani?"

"Bizinesi."

Basi yonse inaseka, ndipo m'basimo munali mlamu wake wa mnansi wanga, foni ili m'manja. Ndi mmene nkhani inafikira ku Selous ine ndisanatsike. Chokoleti chinali chitalowa m'zovala zonse. Diresi lachikasu ndalichapa kanayi, koma pachifuwa ndi pamimba likadali lakuda, ngati silinamve kuti maliro anatha.

Sabata yatha Esinati ananditumizira ndalama pafoni, ndi uthenga wakuti, "Amayi, izi zigoneko ngakhale tsiku limodzi." Uthengawo ndinauwerenga ndili m'kombi, titadutsa kale theka la msewu wa ku Norton.