Maliro a Madamu a ku France

Iwe Chikondi, ukuseka chiyani? Amene akukayika atuluke akapse ndi dzuwa la ku Satwa panjapo, chifukwa ine sindinama, opera, zisudzo zoimba za azungu zija, ndinaimbapo pamaso pa mabwana a Dubai.

Zaka zimenezo, nyumba zosanjazi zisanachuluke, ndinali mlonda pa hotela ina ku Jumeirah, konkuno ku Dubai. Kunabwera mayi wina wa ku France, woimba opera, mwana wa wophika buledi, amene anayamba kuimba ali kumsana, ndipo akuti akakweza mawu ku Marseille matambula ankasweka ku Paris. Koma kuno mphepo yozizira ya AC inamuumitsa kukhosi, mawu n'kusasa, bwana wake n'kunena kuti akalephera kuimba pa chionetsero cha Lachinayi, khalas, basi, za kuimba aiwale.

M'mawa wina ndinamva kulira kuchipinda kwake, kulira kwenikweni. Kwathu ku Ntcheu mayi akalira choncho sufunsa, umavula chipewa n'kulowa. Ndinakhala pansi pakona n'kuyamba nyimbo ya maliro ndi besi yangayi, moti makatani anagwa, nsomba za m'nyanja zinasuzumira, ngamira zinagwada kuchipululu, ndipo mchenga umene unamutseka kukhosi unatuluka wonse, wodzaza wilibala. Mukumva?

Ndinafunsa kuti watisiya ndani. Akuti iye yemweyo. Akuti ku Paris anamwalirapo ndi chifuwa chachikulu, ku Milan anamubaya ndi mpeni, kwina anadziponya kuchokera padenga, ndipo Lachinayi amwaliranso. Abale, mutu wanga unaima.

Lachinayilo mayiyo anandiimika kuseri kwa katani kuti mawu ake akamathawa ndiziwakusa ndi besi. Anaimba, ine ndikukusa, anaimba mpaka nyale zinaphethira, kenako anagwa pansi, zii. Ndinathamangira pabwalo ndikulira mokweza, n'kumufunditsa jekete langa la yunifolomu, koma anthu m'malo mokhuza maliro akuwomba m'manja, ena akuimba mluzu. Malirowo anadzuka, n'kuwerama, n'kulandira maluwa, n'kunditsina pamkono. Mpaka lero sindimvetsa kuti ndinalakwa pati.

Iye mawu anabwerera, anaimbanso zaka zambiri. Ine Loweruka anandichotsa ntchito, ndipo jekete sanandibwezere.

Dzana mwana wanga anandionetsa pafoni kuti mayi uja wamwalira ku France, akuti tsopano ndi zenizeni. Ine sindinagwetse msozi. Ameneyo ndimamudziwa, akangomuwombera m'manja, adzuka.