Tsiku Limene Ndinapalira M'madzi

Pali ntchito zina zimene munthu umazigwira ndi mtima wonse, koma pomaliza n'kumalakalaka ukanangogona tsiku limenelo. Yanga ndinaigwira ku Nambuma, m'nyumba ya aphunzitsi a Mbewe, ndipo manyazi ake sanandichokebe.

Sukulu ya m'mudzi mwathu, kufupi ndi Nsaru, inkalekezera Sitandade 3, choncho a Mbewe anavomera kundisunga kwawo kuti ndipitirize maphunziro. Pondiperekeza, bambo anandiuza zinthu ziwiri: "Ukakangolakwa kumeneko, khasu lako likukudikira pakhonde pano. Ndipo ukaona ntchito, usamadikire kutumidwa." (Mawu achiwiriwa ndiwo anandipha.)

Pabalaza pawo panali chinthu chimene ndinali ndisanachionepo: bokosi lagalasi lodzaza madzi, limene aphunzitsi anapanga okha ndi magalasi a mawindo, n'kumata ndi phula. M'katimo munkasambira timatemba ta kudambo, tamoyo! Ine nsomba ndinkaidziwa ikuthawa m'madzi kapena itauma m'mbale. Apa ndinkaiona cham'mbali, ikupuma, ikundiyang'ana ngati mnzanga. Dzuwa likalowa pawindo, mamba ankang'anima ngati ndalama yasiliva. Tsiku loyamba ndinaima pamenepo mpaka akazi a aphunzitsi, a Nabanda, anandifunsa ngati ndikupemphera.

Chimodzi chokha chinkandiwawa mtima: munda wokongola chonchi unali wosapalira. Pamwamba pa madzi pankayandama timasamba tating'ono ngati mphodza, tina tofiirira tonga nthenga, ndi zina zonga kabichi wamng'ono, mizu ili lendelende ngati ndevu za chimanga. Ndinati aphunzitsi ngotanganidwa, akungosowa wowathandiza.

Loweruka lina anakwera njinga kupita ku Kasiya. Ndinatenga sefa wa tiyi ndi beseni. Ndinayamba ndi timphodza tija, kenaka tinthenga, pomaliza ndinazula makabichi onse, zonse ndikuponya m'beseni lamadzilo. Madzi anayera mbee. Nsomba zinayamba kuthamangathamanga, kudzimenyetsa pagalasi. (Ine ndinati zikuvina pothokoza.) Udzuwo ndinautapa m'besenimo n'kuponyera abakha, ndipo anaulandira bwino kwambiri.

Aphunzitsi atafika, ndinagwada pakhomo.

"Aphunzitsi, ndapalira."

"Wapalira kuti? Chimanga tinakolola kale."

"M'madzi."

Analowa, naima kutsogolo kwa bokosilo, chipewa chili m'manja. Kenaka anaitana motsitsa mawu: "Nabanda, tabwerani mudzaone. M'nyumba muno mwabwera mlimi."

A Nabanda anangoyang'ana kamodzi, n'kutseka pakamwa ndi nsalu. Mapewa okha ndiwo ankagwedezeka.

"Udzuwo wauika kuti, mnyamata iwe?"

Sindinayankhe ndine. Bakha wina anadutsa pakhomo, muzu ukulendewera kukamwa.

"Nanga ana?"

"Ana ati, aphunzitsi?"

Apo ndipo ndinamva. Masamba aja anali mthunzi wa nsomba. Mizu ija inali nyumba ya tiana tongoswedwa kumene, tobisala kuopa kumezedwa ndi amayi awo omwe. Aphunzitsi anali atadikira tianato chaka chathunthu. Ine kumaso kunada, ndinangoona khasu lija litatsamira khoma.

"Kodi beseni langa wanditsukira?" anafunsa a Nabanda, akupukuta misozi.

"Pepani mayi, ndaiwala. Likadali ndi madzi."

Sindinaonepo mphunzitsi akuthamanga chotero. Tinagwada tonse atatu kuzungulira besenilo. Poyamba sindinaone kanthu. Aphunzitsi analipendeketsa kuloza kudzuwa, ndipo ndinationa: timizere toonda ngati tsitsi, thupi loonekera ngati madzi omwewo, koma kalikonse kali ndi maso awiri akuda bii. Kanthu kochepa chonchi, kali ndi maso, kali ndi mantha ake, kakudziwa kothawira! Ndinaiwala kuti ndili pamlandu.

"Tapulumuka chifukwa cha ulesi wako," anatero aphunzitsi. "Tenga ndowa. Kudambo."

Ulendo woyamba ndinabweretsa ndere, yoterera ngati therere, aphunzitsi n'kuikana. "Iyi ilibe tsamba, ilibe muzu. Iyi yokha ndiyo ukanachotsa, ndipo munalibe." Wachiwiri ndinabwera ndi kakombo, matope mpaka m'chiuno. "Uyu ngwomangirira pansi, eti? Choyandama chenicheni ukachikankha ndi chala chimachoka, mizu n'kumachitsatira." Wachitatu ndinayenda m'mphepete mwa dambo lonse ndikukankha masamba ndi chala. (Amayi otunga madzi anandimvera chisoni, ankati sukulu yandizunguza mutu.) Dzuwa likupendeka ndinafika nazo zonse zitatu: timphodza, tinthenga ndi kabichi wa ndevu.

Tinaziyandamitsa, nsomba zinakhala bata, tiana tija titabwezedwa m'bokosimo tinalowa m'mizu n'kusowa.

"Ukhala," anatero aphunzitsi. "Koma chobiriwira chilichonse m'nyumba muno usachikhudze usanafunse."

"Ngakhale ndiwo," anawonjeza a Nabanda.

Phunziro limenelo ndinaligwira, mwina mopitirira muyeso. Pa tchuthi cha Khirisimasi ndinapita kwathu, ndipo khasu lija linandipezabe. Tikupalira mtedza, bambo anatsiriza mzere wachitatu ine ndikadali pa woyamba, nditagwada, ndikutukula bonongwe ndi chala n'kumasuzumira kunsi kwake.

"Ukufunanji pamenepo?"

"Ndikuona ngati mulibe ana."

Anatembenukira kwa amayi. "Mwana uyu abwerere kusukulu msanga," anatero. "Kumunda kuno watha ntchito."