Fayilo ya Amayi

Lolemba

Ndafika kumudzi. Minibasi ya ku Kachulu, kenako kabaza, fayilo ili pachifuwa ngati khanda. Tayi sindinavule, anthu adziwe kuti sindinabwere kudzacheza.

Amayi anagwa pamjigo mwezi wathawu, chiuno sichikuwalola kuyenda okha. Ine ndine mwana woyamba, komanso sabata yatha ndinali ku wekishopu ya masiku awiri ya kasamalidwe ka okalamba. Ndiye nkhaniyi yagwera m'manja oyenera. Pulani ya sabata ino:

1. Ndandanda wosinthana kusamalira amayi: ine, chemwali wanga Agenesi wa ku Songani, ndi mng'ono wanga Fanuwelo wa ku Kachulu.
2. Wilu, kalata yogawa za masiye, ya munda wawo wa mpunga wa ku sikimu ya Likangala.
3. Fomu yotchula munthu woti aziwayankhulira ndi kuwasayinira kuchipatala ndi ku sikimu, mphamvu zikadzawathera. Munthuyo ndi ine, n'zosachita kufunsa.

Ndawabweretsera mapaketi awiri a shuga. Awayang'ana nthawi yaitali. "Ikani pamwambapo, adzamwera alendo." Ndikuona kuti akhudzidwa mtima.

Pabwalo mposesa, zovala zili mbee pachingwe. Amayi anga ndi olimba ndithu!

Lachiwiri

M'mamawa, phokoso la ndowa kubafa. Mzimayi wina akuseka ndi amayi. Kusekako ndikukudziwa. Esinati! Mkazi wanga woyamba, mayi wa mwana wanga Chisomo, amene ndinamusiya zaka zisanu ndi zinayi zapitazo nditapeza ntchito ku Zomba ndi zina zomwe munthu amapeza m'tauni. Kwawo n'kutsidya kwa ngalande. Kani amabwera m'mawa uliwonse kudzawasambitsa.

Ndathawira kuchimbudzi. Ndakhalamo mpaka miyendo kuchita dzanzi. Potuluka ndapeza adakalipo, akuyanika chitenje. "Mwadzuka bwanji, bambo a Chisomo? M'mimba mwavuta?" Ndayankha kuti pang'ono.

Masana, tsamba loyamba la fomu.
Mankhwala omwe amamwa: sindikudziwa.
Buku la kuchipatala: lili kwa Esinati.
Chiphaso cha unzika: kwa Esinati.
Matenda okhalitsa: ndatsala pang'ono kulemba kuti palibe. "Shuga," atero amayi. "Chino n'chaka chachitatu."

Shuga! Mapaketi aja ali phee pamwamba pa kabati, akundiyang'ana. Nthaka ikanang'ambika ndikanalowa ndi fayilo yomwe.

Lachitatu

Ulendo wa ku Songani, ndandanda uli m'manja. Agenesi ali kuseri kwa milu ya tomato, akuwerenga ndi diso limodzi, linalo lili pa makasitomala. Akuti mpata alibe. Ndamukumbutsa kuti chibale n'fupa, sichiwola. "Eya, achimwene, koma tomato amawola."

Titakokana kwa ola lathunthu wavomera: Lamulungu lachisanu la mwezi uliwonse. Ndalemba ndi cholembera chofiira, mtima uli m'malo.

Wafunsanso kuti nanga ine tsiku langa ndi liti. Ndamulozera mzere wanga: "Woyang'anira wamkulu, kudzera pafoni." Waseka mpaka amayi ogulitsa anyezi abwera kudzafunsa kuti kwagwanji. Wawawerengera mokweza. Nawonso aseka.

Mu minibasi ndatsegula kalendala ya pafoni. Miyezi yambiri ilibe Lamulungu lachisanu! Mwana amene ndinkamubereka kumsana ine!

Lachinayi

Kachulu. Matemba ali yanikeyanike pamathandala, ntchentche zikuchita phwando, aliyense akundipatsa moni ngati ndabwera kudzalemba msonkho. Fanuwelo kulibe. Ali pakati pa nyanja, m'zimbowera, timisasa toyandama ta asodzi tija, ndipo ino ndi sabata yachitatu. Ndapereka ndandanda kwa mwini bwato wina kuti akamusayinitse.

Ndadikira pansi pa mtengo tsiku lonse. Bwato labwera dzuwa litapendeka. Ndandanda wabwereranso, koma atakulungiramo matemba! Uthenga wa Fanuwelo: "Akawauze achimwene kuti nyanja ikadzaphwanso ndidzakhala ndi mpata. Matembawa akawapatse alamu."

Alamu. Zaka zisanu ndi zinayi, kwa iye Esinati akadali alamu. Ndiye kuti onsewa akudziwa amene akusamala amayi. Wosadziwa ndinali ine ndekha, mwini fayilo.

Matemba ndakapereka. Ndinawayika pakhomo pa Esinati n'kuchoka msanga ngati ndaba.

Lachisanu

Esinati sanabwere. Watumiza mawu kudzera kwa aneba: popeza mwana wawo alipo, lero akawoka mpunga, mbande zikukula. Chabwino! Munthu wa satifiketi ndilipo.

Phala loyamba: lapserera.
Phala lachiwiri: madzi okhaokha. Amayi amwa masupuni atatu mwaulemu.
Mankhwala: oyera ndi ena oyeranso. Aloza okha.
Kusamba: "Mundisambitse inuyo? Zinayamba zachitika kuti?"
Kuchimbudzi: akuti sakufuna.

Masana ndi pomwe ndazindikira. Kuyambira m'mawa akukana madzi, milomo yauma gwa, n'cholinga choti asafune kupita kuseri mwana wawo wamwamuna atawanyamula. Munthu wa shuga, dzuwa lonseli! Zimenezi ku wekishopu sananene. Ndachita mantha, ndipo manyazi aposa manthawo.

Liwiro la ku sikimu. Pakamzere kolekanitsa minda ndaterereka, mwendo walowa m'matope mpaka m'bondo, nsapato ya ku ofesi yatsala momwemo. Amayi onse owoka mpunga aweramuka kuti aonere bwino. Ndayima pamaso pa Esinati, manja pamodzi. "Chonde, mayi a Chisomo." Wandiyang'ana kuyambira kutayi mpaka kusokosi. Wasamba m'manja m'ngalande, watsogola. Ine pambuyo, tsimphinu tsimphinu.

Akanandilalatira bwenzi zili bwinoko.

Loweruka

Wilu. Ndayamba mozungulira monga anatiphunzitsira: moyo ndi wa Mulungu, za mawa sizidziwika, munthu wanzeru amakonzeratu. Amayi andidula. "Bokosi mwaliyeza kale?" Ndayamba kupepesa, iwo akuseka mpaka kugwira chiuno chowawacho.

Andituma Baibulo lawo. M'kati muli pepala lopindidwa kanayi. Wilu! Analemba chaka chatha, pamaso pa amalume ndi akulu awiri a mpingo. Munda azilima Esinati, pambuyo pake ndi wa Chisomo. Agenesi ndi Fanuwelo anavomera, masiginecha awo ndi awa. Ndawerenga kawiri kufunafuna cholakwika. Mboni zilipo, chidindo cha chala chilipo, tsiku lilipo. Ngakhale kalembedwe kolakwika kamodzi, ayi ndithu.

Ndafunsa chifukwa chomwe sanandiuzire. "Tinakuitanani katatu, bambo. Munati muli ku wekishopu."

Ndakumbukira. Inali ya kasungidwe ka mafayilo, ndipo nkhuku yake inali yokoma.

Munda sukundiwawa, khasu ndinaliiwala kalekale. Chikundiwawa n'chakuti pepalalo analemba bwino popanda ine.

Lamulungu

Yatsala fomu. Pakhonde, anthu atabwerako kutchalitchi. Esinati akupesa amayi tsitsi, ine pampando, fayilo pamiyendo, nsapato za malemu bambo kumapazi.

Ndikuwerenga mokweza, ndikumasulira m'Chichewa: "Wachibale wapafupi." Cholembera chayamba kale chilembo choyamba cha dzina langa.

"Wapafupi?" atero amayi. "Inu mumabwera pa minibasi ndi kabaza. Uyu ndikatsokomola amamva ali kwawo."

Ndinafuna kufotokoza kuti pa Chingerezi mawuwa sakunena za mtunda. M'malo mwake ndafufuta kachilembo kaja, ndalemba dzina la Esinati. Nambala ya foni ndachita kumufunsa, wanditchulira pang'onopang'ono, maso ali pa chipeso.

Mzere wotsatira: "Ubale wake ndi wokalambayo." Mpongozi? Anali, ndinathetsa ndine. Mnansi? Dzanja lakana. Ndafunsa amayi kuti ndilembe chiyani.

"Lembani kuti mwana wanga."

Chipeso chaima pang'ono, kenako chapitiriza. Ndalemba.

Mawa m'mawa ndibwerera ku Zomba. Fomu ikhala m'Baibulo muja. Dzina langa lapezamo malo amodzi, pansi penipeni, pa timalemba ting'onoting'ono: amene wathandiza kulemba.