Tizirombo ta a Pulofesa Nsamala

Ku Thambani aliyense ankadziwa kuti pamaso pa a Pulofesa Melvin Nsamala supha kanthu kouluka kapena kokwawa. Udzudzu ukakutera patsaya ankakugwira dzanja kuti auone kaye miyendo. Bambowa anaphunzitsa za tizirombo ku yunivesite zaka makumi atatu. Atapuma pantchito anabwerera kwawo ndi mabokosi agalasi odzaza lole, komanso mkazi wawo a Prudence, mayi wa ku Zomba amene ananamizidwa kuti akakhalako chaka chimodzi chokha.

Mabokosiwo analanda chipinda cha alendo, kenako pabalaza, mpaka a Prudence ankadyera pakhonde ngati mlendo wosaitanidwa. Amayi ogulitsa ngumbi pamsika akaona a Pulofesa akubwera ankavindikira mabeseni, chifukwa munthuyu ankatola imodziimodzi n'kumaifotokoza mtundu wake mpaka ogula onse kubalalika.

Koma chimene a Prudence sanawakhululukire n'cha kutchalitchi. Nthawi ya maumboni a Pulofesa anaimirira nkhope ikuwala.

"Abale, ndithokoze Mulungu. Kachirombo kaja ndakatenga dzana ku Zobue. Amake Keith ndi mboni, ndinafika nako kunyumba."

Mpingo wonse unatembenukira kwa a Prudence. M'mawa mwake amayi a mvano anafika ndi ufa wa soya ndi mawu olimbikitsa akuti masiku ano mankhwala alipo. A Prudence anathamangira m'nyumba, natulutsa kachikumbu kobiriwira kobayidwa ndi phini. Amayiwo anakayang'ana, anayang'anizana, anapukusa mitu mwachisoni n'kusiya ufawo.

Kuyambira tsiku limenelo a Prudence ankanena poyera kuti amuna awo akadzangotsogola, iwo ulendo wa ku Zomba. Koma a Pulofesa atadwalika anawagwira dzanja.

"Amake Keith, musawasiye okha mabokosiwa. Chiswe chilibe ulemu. Dikirani a kuyunivesite adzatenge."

"Lero mwapeza kachirombo koipa inuyo?"

Anaseka onse awiri, ndipo a Prudence anavomera. Munthu ali paulendo umamukana bwanji?

Maliro atatha, a Prudence anadikira chaka chathunthu, sutikesi ili chilongedzere. Kenako kunabwera kalata yoti yunivesite yakhazikitsa mphoto yokumbukira a Pulofesa Nsamala. A Prudence anayamba kuvina ndime yoyamba isanathe. Ndime yachiwiri ndiyo inawakhazika pansi: wophunzira wopambana chaka chilichonse azipita ku Thambani miyezi iwiri, kukaphunzira pa mabokosiwo pamalo pomwe mwini wake anawasiya. Mabokosi sachoka. Anauza oyandikana nawo kuti munthuyu wawamanga miyendo ali m'manda.

Woyamba kupambana anali mtsikana wotchedwa Tiyamike. A Prudence anamulandira mozizira, namulozera pabalaza, iwo n'kukhala pakhonde. Tiyamike anatsegula bokosi lina, natchula dzina la gulugufe mokweza pofuna kulilemba.

"Wanama," anatero a Prudence osatembenuka n'komwe. Anatchula dzina lenileni la Chilatini, phiri limene anamugwira, ndi mvula imene inawanyowetsa tsikulo. Atamaliza anadabwa okha. Zaka zonse zija ankati sakumvera, koma makutu alibe chitseko.

Masiku ano ku Thambani akabaza amafika nthawi yake, chifukwa palibenso wowaimitsa panjira kuti athamangitse chiwala. Anthu amati kuli mtendere, koma amatero mopanda chimwemwe. A Prudence amawasowa amuna awo, ndipo zimawakwiyitsa kuti akuwasowa.

Sabata yatha mwana wawo Keith anaimba foni kuti chipinda chawo ku Zomba chakonzeka. A Prudence anamuuza kuti abwera Tiyamike akapita. Akudziwa kuti ndi bodza. Chaka chamawa kukubweranso wina, ndipo Mwanza yonseyi mulibenso munthu amene angamuuze wophunzirayo kuti wanama.