Bipi ya a Nyirenda ndi pampu ya njinga

Mpaka lero ndikadutsa pakiliniki yathu ku Magodi, anthu amakuwa kuti "a Pampu!" Ndinaziputa ndekha.

Asisita a pakiliniki anatiphunzitsa ife mavolontiya za bipi: mtima umakankha magazi, mitsempha ikalimba magaziwo amadutsa movutikira, mchere uchepe, mapiritsi asadumphidwe. Atandituma kukafotokozera alimi, ndinaona kuti zamagazizo n'zogonetsa tulo. Ndinanyamula pampu ndi chubu cha njinga ya alamu anga (osapempha).

"Monire mose! Pampu iyi ndi mtima, chubu ichi ndi mtsempha!"

Ndinayamba kupopa. Anthu anaseka, azimayi kumbuyo anayambitsa nyimbo, ine n'kumapopa movina (mundikhululukire, chibadwire ndinali ndisanaomberedwepo m'manja). Chubu chinatupa, chinatupa, kenako phuu! Nkhuku zinabalalika. A Nyirenda, mkulu wa mpingo amene amadwala bipi, anagwa chagada pabenchi, miyendo m'mwamba.

Titawadzutsa ndinalengeza monyada: "Mwaona? Mphepo ikachuluka, munthu amaphulika!" Za magazi, mchere kapena mapiritsi sindinatchuleko n'kamodzi komwe.

Patatha sabata asisita anandiitanitsa. Ndinapeza a Nyirenda atagwira mutu, akazi awo aNyaZimba ali pambali.

"Mapilisi analeka," anatero aNyaZimba. "Ati a volontiya anakamba kuti vuto ni mphepo. Manje amamwa soda kuti azigeya, ndiwo ni nyemba m'mawa na m'madzulo. M'nyumba sitipuma!"

"Koma ikuchoka, adada!" a Nyirenda anandiuza mokondwa. "Ikuchoka maningi!"

Asisita anayesa kukwiya, koma anathawira kuseri kwa chitseko kukaseka. Atabwerako akupukuta misozi anandifunsa:

"Magazi munawatchulako?"

"Nthawi inachepa, asisita."

"Koma yovina inalipo."

Nawonso anavutika kuti a Nyirenda avomere kuti m'thupi mwawo mulibe valavu ngati ya chubu. A Nyirenda anayambiranso mapiritsi, bipi inatsika, ine mtima unakhala pansi, chifukwa mdalayo ndikanamupha ndi nyemba. Ndinazungulira midzi inayi wapansi, chimanjamanja, kubwereza phunziro lonse kuyambira pa magazi. Palibe anaimba.

Tsopano ndikudziwa: nkhani yeniyeni iziyamba, chofanizira chizibwera pambuyo ngati mlendo, osalanda mpando. Kungoti mwezi wamawa andipatsa phunziro la mphumu, ndipo dzulo pamsika wa Lundazi ndinaona zibaluni zofiira, zofanana ndendende ndi mapapo.

Ndinagula zisanu.